Mwana Akafunsa Kuti “Tiphatikize Kapena Tichotsere?”

Nawa mafunso awiri a masamu, ndipo onse yankho lake ndi 3. Loyamba: Chikondi anali ndi mango 8, wadya 5, atsala angati? Lachiwiri: Chikondi ali ndi mango 8, Mphatso ali ndi 5, kodi Chikondi akumuposa Mphatso ndi mango angati? Kwa munthu wamkulu zonsezi n'chimodzimodzi, 8 kuchotsera 5 basi. Kwa mwana wa Sitandade 1 kapena 2 sizifanana ngakhale pang'ono. Loyambalo amayankha musanamalize n'kufunsa komwe. Lachiwirilo amayang'ana kudenga, kenako n'kunena kuti 8, kapena 13, kapena n'kukweza mkono: “Aphunzitsi, tiphatikize kapena tichotsere?”

Mwana wofunsa chonchi sikuti kuwerengera kwamukanika. Mukamuuza kuti “chotsera” apeza 3 pompopompo. Chimene chachitika n'chakuti watuluka m'nkhanimo. Chikondi ndi mango ake sakuwaonanso, akungoona manambala awiri ofunika kuwachita chinachake kuti aphunzitsi achonge. Ndipo ine ndimaona kuti kawirikawiri omutulutsa m'nkhanimo ndife akuluakulu, ndi njira zachidule zimene timamupatsa poti tikumuthandiza.

Mwana safika kusukulu chimanjamanja. M'buku lake la mu 1986 lotchedwa Children and Number, Martin Hughes wa ku Britain anafotokoza zimene ankachita ndi ana a zaka 3 mpaka 5. Ankaika timatabwa toseweretsa m'kabokosi mwana akuona, n'kuwonjezeramo kapena kuchotsamo tina, n'kutseka, kenako n'kufunsa kuti tilimo tingati. Manambala akakhala aang'ono, ana ambiri ankakhoza chikhalirecho timatabwato sakutiona. Koma akawafunsa manambala okhaokha, opanda chinthu chowerengedwa, ana omwewo ankasowa chonena. Ku Recife m'dziko la Brazil, Terezinha Nunes, David Carraher ndi Analúcia Schliemann anapeza zofananako mu 1985 pakati pa ana ogulitsa malonda mumsewu. Powafunsa ngati kasitomala akugula, anawo anakhoza mafunso 98 pa 100 alionse. Masamu omwewo atawabweretsa ngati nkhani pa pepala anakhoza pafupifupi 74, ndipo atawalemba manambala okhaokha anatsika kufika pa 37. Ana ake anali 5 okha, komanso okulirapo, a zaka 9 mpaka 15, choncho kafukufukuyu tisamusenzetse zambiri. Komabe aliyense amene anagulako chitumbuwa kwa mwana pa depoti n'kuona m'mene akubwezera chenje sangadabwe nazo. Nkhani payokha si imene imalepheretsa mwana. Imamuthandiza, bola akhale kuti waimva.

Nanga n'chifukwa chiyani nkhani zina amazimva, zina ayi? Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, akatswiri ena a ku America anasanja masamu a nkhani potengera zimene zikuchitika m'nkhanimo, osati potengera kuti ndi ophatikiza kapena ochotsera. Mary Riley, James Greeno ndi Joan Heller anatulutsa zawo mu 1983. Thomas Carpenter ndi James Moser a ku yunivesite ya Wisconsin anatsatira ana omweomwewo kuyambira kalasi yoyamba mpaka yachitatu, n'kulemba zimene anapeza mu 1984. Mayina amene anapereka amasiyana pang'ono, koma akunena chinthu chimodzi. Pali nkhani zimene chiwerengero chimasintha: anapiye analipo, ena aswedwa, kapena kabawi watenga ena. Pali nkhani zimene palibe chikuyenda, angokhala magulu awiri opanga gulu limodzi, monga atambala 2 ndi zathadzi 6 m'khola limodzi. Ndiye pali nkhani zoyerekeza, momwe palibe wadya, palibe wapatsidwa, tikungoika zinthu za anthu awiri pambalimbali.

Chinanso, chimene ambiri sitichilabadira, ndi pamene nambala yabisika. Anapiye analipo 9, kabawi watenga 4, atsala angati? Apa chobisika chili kumapeto, ndipo mwana amangotsatira nkhani ndi timiyala: aika 9, achotsa 4, awerenga totsala. Anapiye analipo 9, kabawi watengapo ena, atsala 5, watenga angati? Apa chobisika chili pakati. N'zovutirapo, koma poyambira alipo: aika 9, n'kumachotsa kamodzikamodzi mpaka patsale 5, kenako awerenga timene wachotsa. Tsopano iyi: anapiye analipo angapo, kabawi watenga 4, atsala 5, analipo angati poyamba? Mwana atambasula dzanja kuti aike timiyala, koma aika tingati? Nkhani yayamba ndi nambala imene palibe wamuuza. Kuti apeze 9 ayenera kuyenda nkhaniyo chobwerera m'mbuyo, kapena kuzindikira kuti otengedwa ndi otsala onse anali gulu limodzi m'mawa. Limeneli ndi ganizo lalikulu kwa munthu wa zaka 7, ndipo silibwera tsiku limodzi.

Mukaphatikiza mitundu ya nkhani ndi malo obisika nambala, gulu la Carpenter linapeza mitundu 11 ya mafunso a kuphatikiza ndi kuchotsera. Tsegulani kope la mwana wanu muone kuti mwa 11 imeneyi akukumana ndi ingati. Ngati mafunso onse ali a “zonse pamodzi zilipo zingati” ndi “zatsala zingati”, mwanayo akhoza kumabwera ndi 10 pa 10 tsiku lililonse koma akungozungulira pa mitundu iwiri kapena itatu yosavuta.

Nkhani zoyerekeza zija tiziyang'ane bwino, chifukwa m'pamene ana ambiri amagwa. Mu 1983 Tom Hudson anaonetsa ana chithunzi cha mbalame 5 ndi nyongolotsi 4. Powafunsa kuti mbalame zikuposa nyongolotsi ndi zingati, ana a kalasi yoyamba anakhoza 64 pa 100, ndipo aang'ono kwambiri a ku mkaka anakhoza 17 okha. Atasintha funso n'kunena kuti mbalame iliyonse ikuthamangira nyongolotsi imodzi, ndi mbalame zingati zimene sizipeza nyongolotsi, a kalasi yoyamba anakhoza onse, a ku mkaka aja 83 pa 100. Chithunzi chomwecho, manambala omwewo. Kusiyanitsa magulu awiri anawo ankatha kale. Chimene sankachimva ndi kafunsidwe. Mwana akamva “akumuposa ndi angati” amagwira mawu awiri amene akuwadziwa, wakuti wina ali ndi ambiri ndi wakuti angati, n'kuyankha kuti 8, mango onse a Chikondi. Mwa njira yake wayankha funso, kungoti si limene mwafunsa.

Phunziro lake si lakuti tileke kufunsa za kuposa. Mawuwo ayenera kuwadziwa ndithu. Koma tiyambire pamene iye ali. Ana 8, mipando 5, akhala pansi angati? Makapu 7, alendo 9, asowa kapu angati? Akandandalika zitsekerero za mabotolo m'mizere iwiri, chilichonse ndi chinzake, n'kuona zitatu zimene zatsala zopanda mnzake, m'pamene mumamuuza kuti zitatu zimenezi ndizo tikunena tikamati mzere uwu ukuposa uwo ndi 3.

Apa ndiye pamene njira yachidule yotchuka ija imalowera. Mphunzitsi kapena kholo, poona kuti mwana akuvutika, amamuuza kuti: ukaona “pamodzi” phatikiza, ukaona “zatsala” chotsera, ukaona “kuposa” phatikiza. Sabata yoyamba zimayenda, chifukwa mafunso osavuta aja amagwirizanadi ndi mawuwo. Koma kuphunzitsa chonchi kuli ngati kulondolera mlendo kuti akakhotere pamene pagona galu. Mawa galuyo akagona pena. Tamvani ili: Chikondi ali ndi mango 8, akumuposa Mphatso ndi 3, Mphatso ali ndi angati? Mwana wosaka mawu aona “kuposa”, aphatikiza, apeza 11, ndipo sizimudabwitsa kuti woposedwayo ndiye ali ndi ambiri. Funso la anapiye lachitatu lija lili ndi “atsala”, koma yankho lake limafuna kuphatikiza. Pearla Nesher ndi Eva Teubal a ku Israel anaonetsa kale mu 1975 kuti mawu oterewa amasocheretsa ana akakhala kuti akulozera kwina, nkhani ikupita kwina.

Choipa chachikulu si mayankho olakwikawo ayi, koma chizolowezi chimene chimamera. Mwana amaphunzira kuti m'masamu nkhani ndi chokongoletsera chabe. Cha m'ma 1980 ofufuza a ku Grenoble, ku France, anafunsa ana a pulayimale kuti: m'sitima yapamadzi muli nkhosa 26 ndi mbuzi 10, kodi woyendetsa sitimayo ali ndi zaka zingati? Pa ana 97, ana 76 anapereka yankho pogwiritsa ntchito manambalawo. Anawa sanali opusa. Kunja kwa kalasi akanaseka funso lotere. Koma sukulu inali itawaphunzitsa kuti funso lililonse la masamu lili ndi yankho, ndipo yankholo limapezeka pochita chinachake ndi manambala amene wapatsidwa.

Ndiye tichite chiyani? Ntchito yonse ndi kumusunga mwana m'nkhani mpaka aione. Tiyerekeze mayi wakhala pakhonde ndi mwana wake wa Sitandade 2, funso lili lakuti: agogo anapita kumsika ndi mandasi m'beseni, agulitsa 6, atsala 4, anapita nawo angati? Mwana walemba 2.

“Tseka kaye kopelo. Tandiuza, nkhaniyi ikuti chiyani? Usatchule nambala.”

“Agogo amagulitsa mandasi.”

“Anatha onse?”

“Ayi, ena anatsala.”

“M'beseni munali ambiri nthawi iti, m'mawa kapena madzulo?”

“M'mawa.”

“Iwe wati m'mawa munali 2. Nanga 6 agulitsa bwanji?”

Mwana aseka, atola zitsekerero. Aika 6 uku, “awa agulidwa.” Aika 4 uku, “awa ali m'beseni.” Akhala kaye chete akuziyang'ana, kenako azikankhira pamodzi n'kuwerenga. Mayiyo sanatchule kuphatikiza kapena kuchotsera ngakhale kamodzi, ndipo pamene mwana anakhala chete sanamulowerere. Kumeneku ndiko kovuta kwa akuluakulufe, poti masekondi 10 a chete timawaona ngati chaka. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zimene wachita mayiyu zili ndi maziko. Kumuuza mwana abwereze nkhani m'mawu ake kumaonetsa pamene yamuphonya, chifukwa ana ambiri olakwitsa amakhala atasintha nkhaniyo m'mutu n'kuyankha bwinobwino funso lina. Kubisa manambala poyamba kumamulanda chothamangira. Aphunzitsi ena amayamba ndi nkhani yopanda nambala n'komwe, n'kumalowetsa manambalawo imodziimodzi ana atamvana kale kuti chikuchitika n'chiyani. Ndipo funso lakuti yankho likhala lalikulu kapena laling'ono kuposa 6 ndi lotchipa, koma limagwira zolakwa zambiri mwana asanawerengere n'komwe.

Zitsekerero, timiyala, njere za chimanga ndi timitengo si mankhwala pazokha. Mwana akhoza kuzisuntha mosaganiza ngati m'mene amalembera manambala mosaganiza. Zimathandiza chitsekerero chilichonse chikakhala ndi dzina m'nkhanimo, monga “awa agulidwa” uja. Ndiponso sayenera kukhalira zomwezo. Jerome Bruner analemba mu 1966 za njira zitatu zimene munthu amagwirira ganizo: pochita ndi manja, poona chithunzi, ndi polemba zizindikiro. Ku Singapore anatenga maganizo amenewa mozama, ndipo kuyambira zaka za m'ma 1980 ana akumeneko amaphunzira kujambula timabokosi tatitali toimira manambala. Pa nkhani ya agogo, mwana amajambula bokosi limodzi lalitali, n'kulidula pawiri, mbali ina 6, ina 4, pamwamba pa lonselo n'kuika chizindikiro cha funso. Pa nkhani yoyerekeza amajambula mabokosi awiri, lina pansi pa linzake, oyambira pamodzi, ndipo kachidutswa kotulukira kaja ndiko kuposa. Ubwino wake ndi wakuti chithunzi chomwecho chimagwira ntchito manambala akakula kufika pa 368, pamene timiyala sitingathenso. Sichifuna ndalama; kamtengo ndi dothi n'zokwanira. Chofunika kuchenjera nacho ndi ana okonda kujambula, amene amatha mphindi 15 akukongoletsa mango ndi masamba ake. Kamzere kapena kadontho kakwana.

Pofika polemba manambala, pali kanthu kena kamene timalakwira ana. Funso likakhala lakuti Mphatso ali ndi makope 5, akufunika 8, asowa angati, mwana amagwira 5 m'mutu n'kumatukula zala: 6, 7, 8. Zala zitatu. Kwa iye nkhaniyi ndi yowonjezera, ndipo sakulakwa. Mukamukakamiza kuti alembe 8 – 5 chifukwa mutu wa lero ndi kuchotsera, mukumuuza kuti zimene waona si zoona. Muloleni alembe 5 + □ = 8 monga m'mene nkhani ikuyendera, kenako pambali pake muike 8 – 5 = 3 ya mnzake amene anachita mwina, ana akambirane chifukwa chake onse apeza 3. Pamenepo m'pamene amayamba kuona kuti kuphatikiza ndi kuchotsera n'zapachibale. Izi zimakonzanso vuto la chizindikiro cha =, chimene ana ambiri amachiwerenga ngati “yankho nali”. Gulu la ku Wisconsin lomwe lija linapeza kuti pa 8 + 4 = □ + 5 ana ambiri a pulayimale, ngakhale a makalasi apamwamba, amaikapo 12 kapena 17 m'malo mwa 7.

Pali mtsutso pakati pa akatswiri umene si bwino kuubisa. A Carpenter ndi Elizabeth Fennema amati mitundu 11 ija ndi yoti aidziwe mphunzitsi, kuti azisankha bwino mafunso ndi kumvetsa njira za ana, koma ana azipeza okha njira zawo. Mu 1989 anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa aphunzitsi 40 a kalasi yoyamba, theka lawo ataphunzitsidwa za kaganizidwe ka ana kwa mwezi umodzi. Ana a aphunzitsi amenewa anachita bwino pa masamu a nkhani, komanso, chimene ena sankayembekezera, pa kukumbukira mayankho a manambala aang'ono. Ena, monga Asha Jitendra ndi Lynn Fuchs, amene agwira ntchito kwambiri ndi ana ovutika masamu, amati ana otere asasiyidwe kuti adzitulukire okha. Aziuzidwa poyera kuti nkhani iyi ndi yosintha, iyi ndi yoyerekeza, chithunzi chake ndi ichi, n'kuyeserera mobwerezabwereza, ndipo kafukufuku wawo akuonetsa kuti zimathandiza. Ine sindiona kuti pamafunika kusankha mbali. Mwana amene wakhala masabata akungoyang'ana pepala muonetseni chithunzicho, musadikire. Choopsa n'chakuti mayina a mitunduyo asanduke mawu osaka atsopano, mwana n'kumafunsa kuti “iyi ndi yoyerekeza kapena yosintha?” ndi nkhope yomwe ija. Kuloweza nako kuli ndi malo ake: mwana amene akudziwa pamtima kuti 6 ndi 4 ndi 10 amatsala ndi mphamvu zoganizira za agogo ndi beseni lawo. Ngakhale kawerengedwe kathu kakale kamathandiza apa, poti 7 timati zisanu ndi ziwiri, 6 zisanu ndi chimodzi. Mwana wozolowera kuona manambala motero, 7 + 6 amaiona ngati manja awiri athunthu ndi zala zitatu.

Kwathu kuno pali zina zowonjezera. Mwana wa Sitandade 1 kapena 2 nthawi zambiri sanafike powerenga chiganizo chachitali bwinobwino, ndiye mukamupatsa funso lolembedwa mukuyesa kuwerenga, osati masamu. Muwerengereni mokweza, kawiri kapena katatu. Pofika Sitandade 5 masamu amakhala m'Chingerezi, ndipo apa njira yosaka mawu imabwerera mwamphamvu, chifukwa mwana amene sakumva chiganizo chonse amagwira liwu limodzi limene walizindikira. Makolo okhala ku Johannesburg kapena ku London amakumana nazo izi ana akangoyamba sukulu. Palibe cholakwika kuifotokoza nkhaniyo m'Chichewa, mwana aisewere, aijambule, kenako mubwerere ku chiganizo cha Chingerezi kukaona kuti mawu ati amanena chiyani.

Ndiye pali kuchuluka kwa ana. Chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere ku Malawi, makalasi a m'munsi m'sukulu zambiri za boma amadzaza moti ana 100 kwa mphunzitsi mmodzi si zachilendo. Kukambirana ngati kwa pakhonde kuja sikungatheke ndi mwana aliyense, ndipo wonena kuti n'kotheka sanaimepo kutsogolo kwa kalasi yotere. Chotheka ndi funso limodzi patsiku m'malo mwa 10. Ana angapo alisewere kutsogolo, wina akhale kabawi, ena anapiye. Onse ayese awiriawiri pa masileti kapena pansi. Mphunzitsi poyendayenda asankhe atatu amene achita mosiyana, mmodzi wa iwo wolakwitsa, kuti afotokozere anzawo. Wolakwitsayo asanyozedwe, chifukwa yankho lake lolakwikalo lili m'mitu ya ana ena 30 amene angokhala chete. Mawa nkhani yomweyo ibwerenso, manambala omwewo, koma chobisika chisamuke malo.

Za ndalama samalani nazo. Funso lakuti switi ndi K3 ndipo wapereka K5 limamuuza mwana kuti masamu a kusukulu amachitikira m'dziko lina, poti iye amatumidwa ku okala ndi K500 kapena K1,000. Manambala aang'ono asiyireni mazira, mbuzi ndi mapensulo. Ndalama zibwere ndi mitengo yeniyeni, ndipo mudzapeza kuti mwana amene 13 – 8 ikumuvuta akudziwa kuti pa K500 ukagula cha K300 chenje ndi K200.

Njira ina yodziwira pamene ana afika ndi kutembenuza ntchito. Lembani 9 – 4 pa bolodi, muwauze apeke nkhani yake. Poyamba pafupifupi onse abwera ndi zinthu zotayika, zobedwa kapena zogulitsidwa. Zilandireni, kenako muwapemphe ina imene palibe chachoka, palibe chatayika, koma yankho likhale 5 lomwelo. M'kalasi mukhala phokoso kwa kanthawi. Mmodzi akadzati iye ali ndi zaka 9, mng'ono wake ali ndi 4, ilembeni pa bolodi m'mawu ake omwewo, ndipo ikhale funso la kalasi yonse tsiku limenelo.